Gulu la "Mbumba ya ku Malindi": ulendo wa agogo ku Dar es Salaam

Lamlungu madzulo

Tamanda: Mwaswera bwanji nonse. Agogo andituma ndilembe pano kuti aliyense amve pamodzi, akuti akauza mmodzimmodzi nkhani imakafika itasintha. Akufuna kupita ku Dar es Salaam kukaona a Barnaba. Akuti chaka chomwechino, kusanatenthe.

Grace: Iii Tamanda. Bambo adya? Mankhwala a BP amwa lero?

Tamanda: Adya mayi, amwanso. Ali pakhonde pano, akumva zonse ndikuwawerengera.

Davie: Achemwali, nkhaniyi sinayambe lero. Chiyambire tsiku lija Yamikani anapeza mwana wa a Barnaba pa Facebook, bambo akhala akundifunsa za msewu wa ku Dar nthawi iliyonse ndikaimba. Ine ndikuti tiwamvere.

Esnart: Ndangotuluka kuntchito. A Barnaba ake ati? Omwe aja a njinga?

Yamikani: Omwewo azakhali. Ali moyo, amakhala ku Kigamboni, tsidya la doko, pafupi ndi nyanja yamchere. Analankhulana ndi agogo pa foni mwezi wathawu, mphindi 40, koma theka la nthawiyo onse awiri amangoti "ndiwedi?" Netiweki nayo imadukaduka.

Grace: Ine sindikukana kuti aonane. Koma bambo ali ndi zaka 81, shuga ndi BP zonse pamodzi, miyendo imatupa akangokhala pa basi ya Mangochi kufika ku Zomba kuno. Dar si pafupi. Bwanji a Barnabawo abwere? Kwawo nkuno.

Tamanda: Agogo akuti lembani motere: "Barnaba sakuyendanso, amachita kumugwira mkono kuti afike pakhomo. Mwa ife awiri amene miyendo ikumumverabe ndine. Ndikapanda kupita ine, basi sitionananso."

Grace: Chabwino bambo, ndamva. Tiyeni tikambirane bwinobwino, tisachite phuma.

Esnart: Ine ndinabadwa mochedwa, nkhaniyi ndimaimva zidutswazidutswa. Anathawa chifukwa chiyani kwenikweni? Mayi malemu ankangoti "za ndale" kenako nkusintha nkhani.

Tamanda: Dikirani pang'ono, agogo akufotokoza, ndilemba momwe akunenera.

Tamanda: "Ine ndi Barnaba tinakulira limodzi pa mishoni pa Malindi, kuwedza limodzi, kuimba kwaya limodzi. Nduna zitasemphana ndi Kamuzu mu Seputembala 1964, a Chipembere anabwerera kwathu kuno nkulowa m'tchire ndi anthu awo. Mu Febuluwale 1965 analanda boma la Fort Johnston, Mangochi ya lero, usiku, koma atafika pa Liwonde anapeza pantoni ili tsidya lina, ulendo wa ku Zomba nkuthera pomwepo. Zitatero asilikali anadzaza m'midzi. Barnaba mfuti sanagwirepo. Mlandu wake unali wonyamula ufa ndi nsomba kupititsa kuphiri. Wina anamutchula dzina. Usiku womwewo anabwera kwathu, nkundisiyira njinga yake, nati ndisungire ndibwera mvula ikatha. Anadzera ku Makanjira, kulowa ku Mozambique, mpaka ku Tanzania wapansi."

Tamanda: Apuma kaye, akumwa madzi.

Tamanda: "Kalata sitinkalemberana. Masiku amenewo kulandira kalata yochokera ku Dar es Salaam kunali kudziitanira mavuto, iwe ndi banja lako lonse. Mayi ake anamwalira mu 1978. Ine ndi amene ndinagula nsalu, ndinaimbitsa nyimbo kumanda, ndipo chiliza ndinamanga ndine patapita zaka. Zimenezi sindingamuuze pa foni yodukaduka. Ndikufuna ndikhale naye pansi ndimuuze mmene mayi ake anagonera, amene anabwera, ndi mawu amene anasiya."

Esnart: Ambuye. Sindinadziwe kuti bambo asenza zimenezi zaka 60. Matikiti ndilipira ine, za njira kambiranani inu.

Yamikani: Nanga refarendamu ya 1993 itadutsa, ena onse atabwerera, iwo anatsaliranji?

Davie: Funso limenelo akafunsana okha akakumana, mwana wanga. Si lathu.

Lolemba

Davie: Ndiyike njira zonse pano kuti tisankhe tikudziwa. Msewuwu ndauyenda kambirimbiri pokatenga magalimoto kudoko. Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 1,500. Mumadzera Kasungu, Mzuzu, kutsika Chiweta, Karonga, mpaka pachipata cha Songwe. Tsidya linalo ndi Kasumulu, kenako kukwera mapiri a Tukuyu kuli tiyi ndi nthochi, kukatulukira ku Uyole pafupi ndi Mbeya. Kuchoka apo Makambako, Iringa, kutsika phiri la Kitonga, kudutsa pakati pa nkhalango ya Mikumi, Morogoro, Chalinze, ndiye Dar. Munthu wamphamvu amafika atatopa kwambiri. Bambo achokerenso ku Mangochi, ndiye kuti tsiku lina lapadera.

Yamikani: Ku Mikumi mumaona nyama muli pa basi, eti adadi?

Davie: Eya, akadyamsonga, mbidzi, nthawi zina njovu pamphepete pamsewu penipeni. Koma Kitonga ndi Chiweta si malo oti munthu wa BP azidutsa atakhala maola ambirimbiri osatambasula miyendo.

Tamanda: Agogo akuti iwo akufuna msewu. Akuti Barnaba anapita wapansi, iwo akakwera ndege adzachita manyazi.

Grace: Tamanda, ikani foni pa sipika muwawerengere mawu anga onse osadumpha. Bambo, ndagwira ntchito m'chipatala zaka 30. Munthu wa msinkhu wanu akakhala masiku awiri miyendo ili lende, magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo zimenezo zimapha. Shuga wanu amafuna kudya pa nthawi yake, pamsewu mumadya pamene dalaivala waima. Mukufuna mukafike muli ndi mphamvu zocheza ndi mnzanu, kapena mukafikire kuchipatala cha eni ake? A Barnaba anayenda wapansi ali ndi zaka 21 ndipo ankathawa imfa. Inu palibe akukuthamangitsani.

Tamanda: Angoti zii.

Tamanda: Tsopano akuti, "Ndege imatenga nthawi yaitali bwanji?"

Davie: Ikakhala yosaima pena, maola awiri sakwana bwinobwino kuchokera ku Lilongwe. Mudya kadzutsa kwanga ku Area 25, nkhomaliro mukadya ku Kigamboni.

Mayi a Yamikani: Apongozi, masiku anayi amene mukanathera pamsewu kupita ndi kubwera mudzawathera pakhonde ndi anzanu. Ganizirani pamenepo.

Tamanda: Avomera. Koma akuti pampando wa pawindo, akufuna aone nyanja yathu ali kumwamba.

Esnart: Zimenezo ndikonza pogula tikiti. Alamu mwatithandiza, mawu anu ndi amene alowa.

Yamikani: Nanga bwanji pobwerera abwere ndi adadi pagalimoto pang'onopang'ono, kugona Iringa, kugona Mbeya?

Davie: Galimoto yochokera kudoko imakhala ndi masiku owerengedwa kuti ifike pachipata, sungamangoima pamene wafuna. Ulendo umenewo si wa agogo. Ndege kupita, ndege kubwera. Ndipo ulendo uno galimoto sinditenga, ndikupita ngati mwana woperekeza bambo ake basi.

Grace: Pasipoti ya bambo ili bwanji?

Tamanda: Ndaipeza m'sutikesi. Inatha ntchito kalekale, ndi ija anapitira ku Likoma kudzera ku Mozambique.

Davie: Ndiye chinthu choyamba ndi chimenecho, tikiti ibwera pambuyo. Tamanda, konza chitupa cha unzika cha agogo ndi pasipoti yakaleyo. Ndibwera Lachisanu, Lolemba tipite limodzi ku Immigration. Viza siifunika kwa ife Amalawi ku Tanzania tikamapita kukacheza. Khadi lachikasu la katemera wa yellow fever ine ndimayenda nalo nthawi zonse, koma za bambo achemwali mufunse adokotala, pa msinkhu wawo katemera ameneyo sangoperekedwa chisawawa.

Grace: Zoona. Ndifunsa Lachitatu, ndipempha ndi kalata yofotokoza mankhwala awo onse m'Chingerezi kuti asavutike pabwalo la ndege.

Lachitatu

Yamikani wawonjezera Neema

Yamikani: Abale, awa ndi anti Neema, mwana wachiwiri wa a Barnaba. Chinyanja amamva, kulemba amalemba pang'onopang'ono.

Neema: Shikamoo agogo, moni nonse. Chinyanja changa ndi cha bambo, cha kale, mundikhululukire ndikalakwitsa. Bambo sagona chimvereni kuti mnzawo akubwera. Dzulo anandiuza ndichape malaya awo oyera, ine ndati ulendo ukadali kutali, iwo ati chapa basi.

Grace: Takulandirani achemwali. Chinyanja chanu ndi chokoma, mukulankhula ngati agogo athu aakazi malemu. Bambo anu ali bwanji m'thupi? Tiuzeni zoona kuti tidziwe pokonza masiku.

Neema: Zoona zake ndi izi. Mutu uli bwino, amakumbukira zonse, mayina a midzi ndi a anthu. Koma mtima wafooka, chaka chino agonekedwa kawiri. Musadikire Disembala. Ndiponso Disembala mpaka Febuluwale kuno kumatentha kwambiri, kwachinyontho, munthu umatuluka thukuta usiku wonse. Julaye ndi Ogasiti ndiye kozizirira bwino, mvula yaikulu inatha mu Meyi.

Davie: Ndiye Ogasiti, pasipoti ikangotuluka. Sabata yachiwiri ngati zonse zayenda.

Neema: Bambo ali pano akuti ndilembe: "Uza mnzangayo kuti abwere nthawi ya mwera. Kuno amautcha kusi, koma ndi mphepo yomweyo, imachokera kummwera miyezi yomweyo. Ikayamba kuwomba ndimakhala pakhomo nkumanunkhiza ngati ndimva fungo la usipa wa pathandala."

Tamanda: Agogo akuseka, misozi ikutuluka. Akuti mufunseni ngati akukumbukira tsiku limene mwera unawagubuduza ndi bwato la atate ake, nkusambira mpaka kumtunda atagwira nkhafi imodzi awiriwiri.

Neema: Akuti akukumbukira, ndipo akuti amene anataya nkhafi inayo si iwo.

Esnart: Awiriwa tikawasiya pano gulu lidzaza. Anti Neema, malo ogona bwanji? Tifune nyumba ya alendo pafupi?

Neema: Ayi ayi. Bambo angakhumudwe kwambiri. Nyumba ili ndi chipinda, agogo agona chipinda choyandikana ndi bambo, bafa lili mkati, masitepe palibe. Achimwene a Davie agona kwa mchimwene wanga, nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Neti ya udzudzu ilipo. Tili ku Mjimwema, kuyenda mphindi 10 wafika pamchenga.

Grace: Mulungu akudalitseni. Zakudya ndinene pano: mchere pang'ono, shuga mu tiyi ayi, nsima ya mgaiwa ngati ilipo, ndipo adye nthawi yake. Ndamva kuti kumeneko mpunga mumaphikira kokonati, asadye wambiri.

Neema: Bambo nawonso ali pa malamulo omwewo, ndiye mphika ndi umodzi. Mgaiwa kuno timati dona, ulipo.

Davie: Kuchokera pabwalo la ndege la Julius Nyerere tidzere pati? Ine ndinazolowera pantoni ya pa Magogoni.

Neema: Tsiku lofika tidzera pa mlatho wa Nyerere, uja anatsegula mu 2016, galimoto imangodutsa mutalipira pageti. Pantoni imadzaza, anthu amathamangira polowa, si bwino kwa munthu wotopa. Koma bambo akuti tsiku lina mnzawo akwere pantoni ndithu, nthawi ya m'mawa anthu atachepa, chifukwa ndi imene iwo anawolokera tsiku loyamba. Kuwoloka kwake ndi mphindi zochepa, koma mumaona doko lonse, sitima zikuluzikulu zikulowa pakamwa pake popapatiza, ndi nyumba zazitali za m'tauni kumbuyo kwanu.

Yamikani: Anti, anafika bwanji ku Kigamboni poyamba?

Neema: Anakhala kaye kummwera, ku Songea, kulima m'minda ya anthu. Kenako anamva kuti a Chipembere ali ku Dar akuphunzitsa pa Kivukoni College, ndipo kolejiyo inali konkuno ku Kigamboni, pano ikutchedwa Mwalimu Nyerere Memorial Academy. Anabwera kufuna anthu akwawo. A Chipembere atapita ku America bambo anatsala, anapeza ntchito kudoko, anakwatira mayi, basi moyo nkukhazikika. Malowo ali pafupi ndi pokwerera pantoni, tidzadutsapo.

Lachinayi

Chisomo: Pepani ndinali ndilibe bandulo, ndawerenga zonse tsopano. Adadi, poti mukupita ku Dar, ndikupatseni kandalama mundigulireko zitenje ndi nsapato ku Kariakoo? Sikelo ya ndege agogo sadzaza okha.

Mayi a Yamikani: Inenso ndimati ndinene, mapoto aja ndi makatani.

Yamikani: Ndipo poti afika kale kumeneko, Zanzibar ndi maola awiri okha pa boti. Agogo ndi a Anglican, akanakaona tchalitchi cha Mkunazini chija anamanga pamalo pamene panali msika wa akapolo. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA amene anafika ku Likoma ndi ku Malindi likulu lawo linali komweko. Mwayi ngati uwu subweranso.

Grace: Taimani kaye nonse. Ulendowu wayamba kusanduka wa geni ndi wokaona malo. Davie akakhala ku Kariakoo tsiku lonse kutsatsana mitengo, bambo akhala ndi ndani shuga akatsika? Mapanga awiri avumbwitsa.

Chisomo: Azakhali sindimatanthauza zoipa, ndimangoti poti mpata ulipo.

Grace: Ndikudziwa mwana wanga, ndipo geni yako ndimaifunira zabwino. Koma adadi ako amapita ku Dar kawirikawiri, zitenje zidzabwera ulendo wina. Ulendo uno ndi umodzi wokha.

Davie: Achemwali akunena zoona. Kariakoo ndimaidziwa, ukalowa m'mawa umatuluka dzuwa litapendeka, anthu ali pikitipikiti, ngolo, njinga zamoto, mabajaji. Si malo oti ndilowe ndi bambo, ndipo kuwasiya sindingawasiye. Chisomo, oda yako ndidzatenga mu Okutobala.

Tamanda: Agogo ayankha za Zanzibar. Akuti: "Yamikani waganiza bwino ndipo ndamuthokoza. Za tchalitchi chimenecho tinaphunzira tili ana. Koma Barnaba sangakwere boti, ndipo ine sindikupita kukaona nyumba. Tsiku limodzi lokha ndikufuna kutuluka: Lamlungu tikapemphere limodzi, tikhale benchi imodzi ngati kale. Masiku otsalawo mundisiye pakhonde ndi pamchenga."

Neema: Tchalitchi chathu cha Anglican chili pafupi, mapemphero ndi a Chiswahili koma nyimbo zambiri maimbidwe ake ndi omwewo, bambo amaziimba m'Chinyanja anthu ena akuimba Chiswahili. Akakhala ndi mphamvu tikhoza kuwoloka kupita ku St Alban's m'tauni, ndiye pantoni nkukwereratu tsiku lomwelo. Mapemphero ndi saa tatu.

Tamanda: 3 koloko masana?

Davie: Apa ndiye pamene Amalawi ambiri amasiyidwa ndi basi. Anzathuwa amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. Saa moja ndi 7 koloko m'mawa, ndiye saa tatu ndi 9 koloko. Komanso wotchi yawo ili patsogolo ndi ola limodzi kuyerekeza ndi yathu. Tamanda, izi zikhudza mankhwala a agogo, ulembe papepala nthawi zake za ku Tanzania.

Grace: Pepalalo ndilemba ndine, ndimata pa kabokosi ka mankhwala. Mankhwala akhale a masabata atatu ngakhale ulendo ndi wa masiku 10, ndipo akhale m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi yopita pansi pa ndege. Kamakina koyezera shuga ndi ka BP atenge anga.

Neema: Pepani, ndizilemba nthawi mwa Chimalawi kuyambira lero.

Chisomo: Ndiye ine ndithandize chiyani? Ndisakhale wongopempha.

Grace: Uwasokere agogo malaya awiri opepuka a kotoni, kumeneko nkotentha kuposa Lilongwe ngakhale mu Ogasiti. Ndipo usoke lachitatu la nsalu yomweyo la a Barnaba. Anti Neema akutumizira muyeso.

Chisomo: Zimenezo ndichita ndi mtima wonse, ndalama musandipatse.

Loweruka

Esnart: Tikambe za ndalama poyera kuti pasadzakhale kung'ung'udza. Matikiti awiri ndi anga, ndigula ndi khadi kuno pasipoti ikatuluka. Za m'thumba ku Dar nditumiza kwa anti Neema pa M-Pesa mwachindunji, kuti achimwene asavutike kusaka ndalama zakunja ku Lilongwe. Zotsala ndi pasipoti, mafuta a Mangochi–Lilongwe kupita ndi kubwera, kuonana ndi dokotala, ndi mphatso.

Davie: Pasipoti ndi mafuta ndi zanga.

Grace: Dokotala ndi mankhwala ndi ine. Mphatso tisonkhe tonse, zidzukulu zomwe, aliyense mmene angathere. Msungichuma akhale Tamanda, tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba, iye azilemba pano amene wapereka.

Tamanda: Ndalandira kale K50,000 kuchokera kwa Yamikani, akuti ndi ya ganyu wa tchuthi. Amalume a ku Nkhotakota aimba, akuti foni yawo ilibe WhatsApp koma atumiza mpunga wa Kilombero makilogalamu 5.

Davie: Tiwathokoze, koma ku Tanzania mpunga ndi wambiri, wa ku Kyela ndi wonunkhira chimodzimodzi. Sikelo tiisungire zinthu zimene kumeneko kulibe. Mpungawo udyedwe kwathu tsiku limene bambo adzagone kuno.

Neema: Ndawafunsa bambo chimene akufuna. Ayankha msanga ngati anakonzeratu: chambo chowamba, utaka wouma, ufa woyera wonyika pang'ono chabe, ndi nsinjiro. Akuti nsomba za kuno ndi zambiri, changu, vibua, nguru, ndipo dagaa amafanana ndi usipa, koma fungo la chambo cha pa nkhuni analimva komaliza ali mnyamata.

Mayi a Yamikani: Ufa ndikonza ine, ndiyamba kunyika sabata yamawa. Nsinjiro ndisinja tsiku loti mawa lake anyamuka kuti zisanunkhe mafuta.

Tamanda: Chambo ndikaitanitsa kwa asodzi a kuno amene agogo amawadziwa, chiwambidwe mpaka kuumiratu. Masiku ano chikusowa ndipo chakwera mtengo, koma zisanu tipeza.

Davie: Mukulunge m'nyuzipepala, kenako m'mapepala apulasitiki awiri, kenako m'kabokosi kotseka. Zikhale zochepa zoti aliyense aone kuti ndi zakudya za pakhomo. Akatifunsa pabwalo tinena zoona. Onjezanipo tiyi wa Chombe ndi botolo la Nali la ana a m'nyumbamo.

Neema: Nafenso tikukonzeka. Mchimwene wanga akuti adzadzuka m'bandakucha kupita kumsika wa nsomba wa pa Feri, pamene asodzi amagulitsa mokweza mitengo ngalawa zikangofika. Akufuna agogo alawe pweza.

Yamikani: Pweza ndi chiyani?

Neema: Kanyama ka m'nyanja ka miyendo 8, kopanda mafupa.

Tamanda: Ndawaonetsa chithunzi. Akuti zikomo kwambiri koma iwo adya nsomba ya mamba ndi mchira. Afunsanso kuti ngalawa imene mwatchulayo ndi ngalawa yomweyi?

Neema: Mawu ndi omwewo. Kuno ngalawa ndi bwato lokumba la mitengo iwiri m'mbali yoliteteza kuti lisagubuduke, lili ndi thanga. Bambo akuti adzamuonetsa, zimakocheza pafupi ndi kwathu. Akutinso mumuuze kuti nyanja ya kuno imachoka. Kawiri pa tsiku madzi amabwerera m'mbuyo kutali, mabwato nkutsala pamchenga, amayi nkumatola nkhono pamene panali madzi, kenako amabweranso okha. Akuti chaka chawo choyamba ankaopa kuti tsiku lina sadzabwerera.

Tamanda: Agogo akuti zimenezo anaphunzitsa ana m'kalasi zaka zambiri, za mwezi kukoka madzi, koma ndi maso sanaonepo. Akuti tsiku loyamba lomwelo muwatengere kumeneko madzi akamachoka, akhale mpaka abwere.

Grace: Ndi chipewa, ndi madzi akumwa, ndipo pamthunzi. Maola amenewo ndi ambiri.

Neema: Pali mtengo wa mkungu pamene bambo amakhala, tidzanyamula mipando iwiri. Ndidzakhala chapatali pang'ono kuti alankhule momasuka.

Patapita masabata asanu, Lachiwiri

Davie: Pasipoti yatuluka, ili m'manja mwanga. Esnart, gula.

Esnart: Ndagula. Kunyamuka Lachinayi la sabata yamawa, kubwerera Lamlungu la sabata inayo. Pawindo ndapeza, ndapemphanso njinga ya olumala pabwalo ponse pawiri kuti asayende mtunda wautali. Matikiti ndatumiza pa imelo ya achimwene.

Tamanda: Agogo akuti njinga ya olumala sakufuna.

Grace: Auzeni kuti mphamvuzo azisungire pamchenga. Dokotala wawaona dzulo, BP ili bwino, wavomereza ulendo, kalata ndatenga. Mankhwala oteteza malungo sanawonjezere, wangoti neti usiku uliwonse ndipo akamva kutentha thupi akayezetse tsiku lomwelo.

Davie: Ndidzawatenga ku Mangochi Lachiwiri, agone masiku awiri kuno apume. Tamanda ubwere nawo mpaka ku Lilongwe, udzabwerera ndi basi.

Tamanda: Chabwino amalume. Dzulo tinapita kumanda ndi agogo. Tinapempha chilolezo kwa amfumu, tinalambula pa chiliza cha mayi a a Barnaba, ndajambula zithunzi zinayi, dzina likuoneka bwino. Ndakatsukitsa ku Mangochi boma chifukwa agogo akuti chithunzi cha pafoni munthu sangachigwire m'manja. Apezanso mdzukulu wa mlongo wawo wa a Barnaba, amakhala chakumtunda kuno, walemba kalata ya masamba awiri ndipo wapereka nambala yake.

Neema: Izi sindiwauza bambo, adzamve kwa mnzawo. Sankadziwa kuti kwatsala wina wa magazi awo. Ine ndemwe ndikulira pano.

Esnart: Anti Neema, tsiku limenelo mukhale pafupi ndi mankhwala awo a mtima. Nkhani zikubwerazi ndi zolemera.

Neema: Ndidzatero. Ndapempha tchuthi kuntchito masiku onse 10.

Yamikani: Tamanda, funsa agogo za kanthu kaja kali m'thumba la nsalu pansi pa sutikesi yachitsulo. Ndinakaona ndili mwana, anandiletsa kukagwira.

Tamanda: Alowetsa kale m'thumba la jekete. Ndi belu la njinga ija. Akuti njingayo anaiyendera kusukulu zaka zambiri, matayala anasintha kosawerengeka, fulemu inadzathyoka ndi dzimbiri, koma belu anamasula nkusunga. Alipaka mafuta a makina osokera, likulira. Akuti anauzidwa kuti asunge, ndiye akukabweza chimene chatsala.

Davie: Lichoke m'jekete, lilowe m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi zithunzi. Pa makina oyendera anthu pabwalo adzatiuza kuti titulutse zitsulo zonse m'matumba, ndipo sindikufuna liiwalike m'kabeseni.

Grace: Mndandanda womaliza, Tamanda uchonge chimodzichimodzi Lolemba usiku: pasipoti, kalata ya dokotala, mankhwala, timakina tiwiri, magalasi a maso, ndodo, buku la mapemphero, chipewa, malaya atatu a Chisomo, zithunzi, kalata, belu. Chambo ndi utaka m'sutikesi yaikulu. Ufa ndi nsinjiro akazipeza kwa alamu ku Lilongwe.

Chisomo: Malaya atha, ndasita, ali kwa amayi.

Neema: Ine ndi mchimwene wanga tidzakhala pakhomo lotulukira. Bambo akuumirira kuti abwere nawo kubwalo, koma takambirana kuti adikire kunyumba, msewu wa kumeneko magalimoto amathinana. Ndaona pa kalendala ya asodzi, Lachisanu madzi adzachoka cha m'mawa. Tidzanyamuka kunyumba 8 koloko ya kuno, imene ndi 7 koloko ya kwanu.

Grace: Adye kaye ndi kumwa mankhwala musananyamuke. Davie, ukangotera utilembere pano.

Davie: Ndidzalemba. Tamanda, uwauze bambo kuti Lachiwiri ndifika 10 koloko, akhale atasamba.